Chithunzi cha Nthambi

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
m'kachipinda ka malata kuseri kwa msika wa Kapata
ndakhala ndikuuza anthu mokhalira:
kwezani chibwano, amayi,
tseka pakamwa, mnyamata, cha chiphaso saseka.
Amamvera.
Ngakhale akuluakulu a ku khonsolo amauma gwa
mpaka nditati basi.

Ndiye Zakeyo Miti, wamakala,
podikira zithunzi za mwana wake,
anati: kukhwawa la kumtunda kwathu
kuli mbalame imene simungaiuze zimenezo.
Msana wobiriwira ngati botolo lonyowa,
pamimba psuu.
Dzina? Ife timangoti Namanyazi.

Tinanyamuka nkhuku zisanatsike.
Njinga tinasiya kwa mlamu wake m'tsinde mwa phiri.
Pokwera ndinkawerenga zitsa mosafuna,
iye osaziyang'ana n'komwe,
kungozilambalala monga munthu alambalala
khomo la amene ali naye ngongole.
Pansi apo Chipata anali akuzimitsa magetsi ake
limodzilimodzi.

Kukhwawa nkhungu inali isanachoke.
Mitengo ya kumeneko nkhwangwa sinaifike,
akuti matumba sangatuluke, n'potsetsereka kwambiri.
Ndere m'nthambi, madzi akudontha pena pake osaoneka.
Tinakhala pa mwala wozizira.
Nyerere zinandipeza m'sokosi.
Ndinafuna kukhosomola, ndinameza.

Ola lathunthu, zii.
Kenako lina.
Mwendo wamanzere unachita dzanzi,
ndinayamba kuwerenga ndalama zimene ndikutaya:
Loweruka ndi tsiku la maukwati.

Huu, huu. Huu, huu.
Mawu apansi, ngati munthu akuuzira pakamwa pa mphonda
m'nyumba ya eni ake.
Zakeyo sanaloze ndi chala.
Anangotukula mlomo.

Ndinayang'ana, masamba okhaokha.
Ndinayang'ananso, masamba.
Kachitatu tsamba limodzi linali ndi mchira.

Inali itandifulatira.
Ine amene ndadya ndi nkhope za anthu moyo wanga wonse,
inandipatsa msana,
phee, ngati mkamwini pamaliro a kuchimuna.
Lilime langa linakonzeka lokha:
tatembenukani pang'ono, yang'anani kuno.
Ndinaliluma.

Kamera inalemera m'manja.
Galasi linachita thukuta ndi mpweya wanga,
ndinapukuta ndi malaya, pang'onopang'ono,
mtima uli phaphapha ngati ndikuba.
Inapotoza khosi, diso limodzi lokha
linandiyeza kuyambira kunsapato,
ndipo ndinadziwa mmene amamvera aja
ndimawaimika kutsogolo kwa nsalu yoyera.

Ndinadina.
Moto unadutsa pakati pa mitengo, osapsereza kanthu.

Taonetsani, anatero Zakeyo.
Tinaweramira pakagalasi, mitu kugundana.
Nthambi.
Nthambi yabwino ndithu, ndere iliyonse yooneka,
ndipo kungodya yakumanja, m'mwamba,
kofiira kopakika
ngati wina wapukutirapo chala chamagazi.
Anaseka mpaka anakhala pansi.
Mwajambula mpando, bwana, mwini wake atanyamuka.

Potsika dzuwa linali paliwombo,
fungo la uvuni wake linatichingamira panjira.
Anaima, nathira dothi pamene pankatuluka utsi.
Ndinafunsa ngati chaka chamawa tidzaipeza.
Anati zidalira mtengo wa feteleza,
ndipo sitinalankhulenso mpaka panjinga.

Ndinachitsuka chachikulu.
Chili pakhoma, pakati pa akwati a ku Mchini
ndi mnyamata wa gauni la kukoleji
amene sanabwere kudzatenga chake.
Anthu amafunsa kuti ichi ndiye chiyani,
munalakwitsa?
Ndimati ndi mlendo wina, anali wofulumira.

Masiku ano mwana akakana kuyang'ana kamera,
nabisa nkhope m'chitenje cha amake,
sindiombanso m'manja, sindiliza makiyi.
Ndimakhala pansi, ndidikire.
Amake amadabwa, amayang'ana wotchi.
Pena mwanayo amasuzumira ndi diso limodzi.
Pena ayi.